NYANJA NJA YANI? Za Kuteteza Nsomba kwa Asodzi Obwera Opanda Chilolezo

Mau Oyamba

Aliyense amene anayendako pa msika wa Chiringa, m'boma la Phalombe, akudziŵa kuti ndiwo ya mabanja ambiri kumeneko ndi matemba. Amabwera m'madengu ndi m'matumba pa njinga, kuchokera ku madooko a kumwera kwa nyanja ya Chilwa monga Swang'oma, ndipo amagulitsidwa m'timilu. Mai wogula kamulu kamodzi saganiza za malamulo a maiko. Iye amangoona kuti kamulu kachepa kapena mtengo wakwera. Komabe kuchepa kwa kamuluko kuli ndi zifukwa zake, ndipo chimodzi mwa izo chagona pa funso limene lavutitsa maboma ndi anthu anzeru kwa zaka mazana anai: kodi madzi ali ndi mwini wake? Ngati ali naye, ndani angaloledwe kuponyamo ukonde, ndipo ndani angabwezedwe?

M'nkhani ino tifuna kulongosola funsoli mwatsatanetsatane, poyambira pa nyanja zathu zazing'ono za m'malire, kufikira ku nyanja zamchere kumene sitima za maiko akutali zimaba nsomba. Tikulembera inu ansembe anzathu ndi inu amene mukukonzekera unsembe, popeza ambiri a inu mudzatumikira m'maparishi a m'malire, kumene mlandu wa ukonde wolandidwa umafika pa khomo la wansembe usanafike ku khoti.

1. Nyanja ya Chilwa ndi khalidwe lake

Chilwa ndi nyanja yachiŵiri kukula m'Malaŵi, ndipo yakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Kum'maŵa kwake, m'madambo a njedza, ndiko kwadutsa malire a Malaŵi ndi Mozambique. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi Sombani imathiramo madzi kuchokera mbali ya kuno, ndipo Mnembo amathiramo kuchokera ku Mozambique. Koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe wotuluka. Madzi amachoka ndi dzuŵa basi. Nchifukwa chake ali ndi kamchere, ndipo popeza nyanjayi njosazama, yosapyola mamita aŵiri kapena atatu m'malo ambiri, mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'aluka pamene anthu ankayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi.

Nsomba zake zenizeni nzitatu: matemba, makumba ndi milamba. M'zaka zabwino nyanjayi yakhala ikutulutsa matani oposa 20,000 pa chaka, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno. Chinsinsi cha chonde chimenechi nchakuti madzi akaphwa nsomba zoŵerengeka zimabisala m'maiŵe a m'mitsinje ndi m'thamanda la Mpoto, ku Phalombe komweko. Mvula ikabwera, zotsalazo zimaswana ndi kudzazanso nyanja m'zaka zochepa. Tigwiritse mfundo imeneyi, chifukwa nkhani yonse yatsamira pa iyo: nsomba za chaka chamaŵa zili m'mimba mwa nsomba zimene tazisiya chaka chino. Amene akokolola maiŵe pa nthaŵi ya chilala, kapena kukoka khoka la maso ang'onoang'ono pa nyengo yoswana, ali ngati munthu wokazinga mbeu.

2. Chilolezo nchiyani, ndipo nchantchito yanji?

Anthu ambiri amaona chilolezo cha usodzi ngati msonkho chabe, njira ya boma yodyera thukuta la amphaŵi. Ndalama zilipodi, koma cholinga chenicheni cha chilolezo nkuŵerenga ndi kumanga. Poyamba, boma likadziŵa kuchuluka kwa mabwato ndi maukonde, likhoza kuyerekeza ngati nyanja ingaŵakwanitse. Chachiŵiri, wolandira chilolezo amadzimanga yekha ku malamulo: kukula kwa maso a ukonde, mitundu ya zida zoletsedwa monga neti za udzudzu, malo osaloledwa, ndi nyengo yotseka nyanja, imene pa Chilwa imayamba mu Disembala pamene nsomba zikuswana. Chachitatu, wolembedwa m'kaundula ali ndi dzina ndi mudzi, akalakwa amapezeka.

M'Malaŵi zonsezi zinaikidwa m'lamulo losamalira ndi kuyendetsa usodzi la chaka cha 1997. Lamuloli linabweretsa chinthu chatsopano: linavomereza kuti anthu a m'midzi atenge nao mbali poyang'anira nsomba. Ntchito yotere inayamba kuyesedwa pa nyanja ya Malombe mu 1993, chambo chitatha kumeneko, ndipo inafika pa Chilwa nyanja itaphwa mu 1995, pamene mafumu ndi alangizi a za usodzi anagwirizana zoletsa kuthira katupe m'maiŵe a m'mitsinje. Kuchokera apo kunabadwa makomiti a pa dooko, amene ali ndi udindo wolemba asodzi, kulandira obwera, ndi kulanda zida zoletsedwa.

Tsono taonani vuto la bwato lobwera lopanda chilolezo. Silinaŵerengedwe, silinadzimange ku lamulo lililonse, ndipo likalakwa limaoloka malire kumene komiti singalitsate. Choipa chake sichithera pa nsomba zimene latenga. Msodzi wapamudzi amene wapachika ukonde wake m'nyengo yotseka, ana ake akudya nsima ya masamba okhaokha, akaona mnzake wa kutsidya akudzaza bwato usiku, amadzifunsa kuti: nanga ine ndikusungira yani? Maŵa lake nayenso amaloŵa m'madzi. Motero bwato limodzi losamangika limamasula mabwato zana.

3. Phunziro la ku Chiuta

Kumpoto kwa Chilwa, kuseri kwa mtunda wa mchenga, kuli nyanja ya Chiuta, m'boma la Machinga. Iyi ndiye yagaŵidwa kwenikweni ndi malire: mbali ina ili m'Malaŵi, mbali ina m'boma la Mecanhelas, chigawo cha Niassa, ndipo madzi ake amapitirira ku nyanja ya Amaramba ndi mtsinje wa Lugenda. Asodzi a kumeneko anazoloŵera matchera, miono ndi mbedza. M'zaka za m'ma 1980 kunayamba kufika asodzi a nkacha, khoka la maso ang'onoang'ono lokokedwa pakati pa madzi, lomwe linatchuka pa Malombe. Nkacha inkakokolola ndi tiana tomwe, kuvundula madzi, kung'amba matchera a eni dera, ndi kugwetsa mtengo wa nsomba pa dooko. Madandaulo sankapita patali, popeza atsogoleri ena a m'midzi ankalandira mphatso za nsomba kwa obwerawo.

Mu 1995 asodzi a ku Chiuta anadzisonkhanitsa okha, nathamangitsa eni nkacha mazanamazana, ndipo pambuyo pake anakhazikitsa makomiti ao ndi kuletseratu khoka lotere. Boma linadza pambuyo kudzavomereza zimene anthu anali atachita kale. Koma ambiri mwa othamangitsidwawo sanapite kutali: anangooloka malire nakhala mbali ya Mozambique, kumene chiletsocho sichinkagwira ntchito, ndipo anapitiriza kukoka m'madzi omwewo. Kwa zaka zambiri zotsatira panali kulandana maukonde ndi kukangana pakati pa asodzi a mbali ziŵirizi.

M'nkhani imeneyi muli zinthu zitatu zoti tizisunge. Choyamba, anthu wamba angathe kuteteza nsomba zao pamene boma lili kutali. Chachiŵiri, lamulo la mbali imodzi ya madzi silikwanira, chifukwa nsomba sidziŵa malire. Chachitatu, ndipo ichi nchodabwitsa, ambiri mwa amene ankaoneka ngati alendo ochokera kutsidya anali Amalaŵi anzathu ochokera ku Malombe ndi ku Chilwa. Malire anangokhala chobisalira.

4. Pa nyanja zamchere

Zimene zimachitika ndi mabwato a matabwa pa Chiuta zimachitikanso ndi sitima zachitsulo pa nyanja ya India, kungoti kumeneko nzazikulu koposa. Mu 1609 katswiri wa malamulo wa ku Holland, Hugo Grotius, anaphunzitsa kuti nyanja yaikulu ilibe mwini, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti chuma chake sichingathe. Pa nthaŵi ya ngalaŵa za mathanga maganizowo anali omveka. Zitabwera sitima za injini, zokoka maukonde aatali ndi kuumitsa nsomba ndi chisanu pa nyanja pomwepo, zinaoneka kuti nyanja nayo imatha.

Nchifukwa chake mu 1982, ku Montego Bay m'dziko la Jamaica, maiko anasaina pangano la United Nations la malamulo a pa nyanja, limene linayamba kugwira ntchito mu 1994. Panganoli limapatsa dziko lililonse la m'mphepete mwa nyanja ulamuliro pa nsomba za m'madzi ofika mamailosi a pa nyanja 200 kuchokera ku gombe. Sitima yachilendo ingaphe nsomba m'menemo pokhapokha itapatsidwa chilolezo. Dziko limene silingathe kugwira nsomba zonse zololedwa liyenera kulola ena kutengako zotsalazo mwa mgwirizano, ndipo maiko opanda gombe, monga Malaŵi, akumbukiridwa pa kagaŵidwe ka zotsalazo. Dziko lili ndi mphamvu yokwera m'sitima yolakwa, kuifufuza ndi kuigwira; koma panganolo likuti ogwira ntchito m'sitimayo amasulidwe msanga chikole chikaperekedwa, ndipo asamenyedwe.

Kulemba lamulo nkosavuta. Kulilondera ndiko kumafuna chuma. Mozambique ali ndi gombe lotalika makilomita oposa 2,400, lolemera ndi nkhanu za m'madzi a Sofala ndi nsomba za tuna, ndipo sitima zolondera nzochepa. Akuba ali ndi njira zao zodziŵika: amazimitsa makina osonyeza pamene sitima ili, amalembetsa sitima m'dziko lakutali losasamala zochita zake, nasintha dzina ndi mbendera akagwidwa, amatsanulira nsomba m'sitima ina pakati pa nyanja kuti zikafike ku dooko zitasakanizika ndi zogwidwa mololedwa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2009 anayerekeza kuti nsomba zogwidwa mosatsata malamulo pa dziko lonse zili pakati pa matani 11 miliyoni ndi 26 miliyoni pa chaka. Amene amapwetekedwa koposa ndi msodzi wa bwato laling'ono wa ku Quelimane kapena ku Angoche, amene sangathe kupita kutali kukatsata nsomba.

Maiko ayesa njira zosiyanasiyana. Mu 2008 Mozambique anagwira sitima yotchedwa Antillas Reefer ikupha nsomba za shaki popanda chilolezo. Inalandidwa, ndipo pambuyo pake inasandutsidwa sitima yolondera. Ku Indonesia, pakati pa 2014 ndi 2019, nduna yoona za usodzi, mai Susi Pudjiastuti, inalamula kumiza sitima mazanamazana zogwidwa zikuba, antchito ake atatsitsidwa. Njira ina, yotsika mtengo, ndiyo kudikirira wakuba pa dooko: pangano la bungwe la FAO la mu 2009, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016, limapatsa maiko udindo wokaniza sitima zokayikitsa kukocheza ndi kutsitsa katundu. Kuno kwathu, pa 14 Ogasiti 2001, atsogoleri a maiko a SADC anasaina mu mzinda wa Blantyre pangano la za usodzi, limene limakhudza nyanja zamchere ndi za pamtunda zomwe, ndipo limalimbikitsa maiko ogaŵana madzi kugwirizanitsa malamulo ao.

Tisaiŵale chenjezo limodzi loŵaŵa. Mu 2013 kampani ya boma la Mozambique yotchedwa EMATUM inakongola madola 850 miliyoni m'dzina logula sitima zophera tuna, ndipo makampani ena aŵiri anakongolanso mwachinsinsi m'dzina loteteza gombe, zonse pamodzi nkufika pafupifupi madola 2 biliyoni. Zitaululika mu 2016, maiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama ya dzikolo inagwa, ndipo sitimazo zinachita dzimbiri pa dooko la Maputo. Mphatso ya nsomba ya ku Chiuta ndi ngongole ya ku Maputo ndi matenda amodzi: mlonda akagulidwa, mpanda ulibe ntchito.

5. Kodi nchilungamo kubweza mlendo?

Pano mkhristu woganiza bwino akhoza kutifunsa: kodi Mulungu sanalengere anthu onse madzi ndi nsomba? Nanga tili ndi ufulu wanji wouza munthu wanjala kuti aŵa ndi madzi athu? Funsoli nlolemera, ndipo sitiyenera kulithaŵa. Msonkhano wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha mu 1965, unatsimikiza kuti zabwino za dziko lapansi zinalengedwera anthu onse, ndipo umwini uliwonse uyenera kugonjera cholinga chimenechi.

Thomas Aquinas woyera anasiyanitsa zinthu ziŵiri: mphamvu yosamala ndi kuyendetsa chinthu, ndi kugwiritsa ntchito chinthucho. Pa yoyambayo anati nkoyenera kuti zinthu zikhale ndi ozisamala odziŵika, pa zifukwa zitatu: munthu amasamala koposa chimene chili m'manja mwake, ntchito imayenda mwadongosolo aliyense akadziŵa gawo lake, ndipo mtendere umasungika. Pa yachiŵiriyo anati phindu la zinthu liyenera kufikira osoŵa. Tikaika nyanja pa muyeso umenewu, tiona kuti chilolezo sichitsutsana ndi cholinga cha Mlengi. Ndicho chida chochitetezera. Nyanja yotsegukira aliyense popanda lamulo sikhala ya onse kwa nthaŵi yaitali: imayamba yakhala ya mwini khoka lalikulu, kenaka sikhala ya munthu aliyense. Ndipo mwa anthu onse amene inalengedwera muli ana amene sanabadwe.

Mu 1968, chaka chomwe Chilwa anaphwa, Garrett Hardin wa ku America analemba kuti chuma cha onse chimaonongeka mosalephera, pokhapokha boma litachilanda kapena chitagaŵidwa kwa eni ake paokhapaokha. Mai Elinor Ostrom, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2009, anasonyeza m'buku lake la mu 1990 kuti pali njira yachitatu: anthu ogwiritsa ntchito chumacho angathe kuchisunga okha, ngati zikudziŵika bwino kuti ololedwa ndani, ngati iwo omwe atenga mbali popanga malamulo, ngati pali olondera, ndipo ngati zilango zikukula molingana ndi kulakwa. Ife sitinayembekezere mabuku kuti tidziŵe zimenezi. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo obwera amalandiridwa malinga atsate mwambo wa pamalopo. Izi zikugwirizana ndi zimene Papa Pius XI anaphunzitsa mu 1931, kuti akuluakulu asalande ntchito imene magulu ang'onoang'ono angathe kuichita okha, koma aŵathandize. Papa Francis, m'kalata ya Laudato Si' ya mu 2015, anakumbutsanso kuti nsomba zikatha oyamba kuvutika ndi asodzi ang'onoang'ono amene alibe pena pogwira.

Komabe Thomas woyera yemweyo anaphunzitsa kuti munthu amene ali pa ngozi yeniyeni ya kufa ndi njala, akatenga chomupulumutsa, sanabe. Choncho sitingaike pa muyeso umodzi bambo wa mbedza imodzi wooloka dambo kuti ana ake alaŵe ndiwo, ndi mwini makoka asanu amene amakhala m'tauni natuma anyamata. Ngakhale m'bwato lolakwalo, wopalasa ndi wokoka chingwe kaŵirikaŵiri ndi waganyu wosauka. Pa sitima zazikulu ena mwa antchito amasungidwa miyezi yambiri ngati akapolo. Chilango chiyenera kulondola mwini phindu.

6. Mlendo ndani ku Chiringa?

Mau akuti mlendo ayenera kutchulidwa mosamala m'dera lino. Malire amene tikunenaŵa anachokera m'pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891, ndipo anadula pakati pa anthu a mtundu umodzi. Makolo a Alomwe ambiri a ku Phalombe anachokera kutsidya komweko, kuthaŵa nkhanza za thangata ndi msonkho wa Apwitikizi. Pa nkhondo ya pachiŵeniŵeni ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, Malaŵi anasunga othaŵa kwao pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo midzi ya m'malire muno inagaŵana nao minda ndi zitsime. Mpaka lero anthu amakwatirana, amaikana maliro, ndipo chimanga chambiri chodyedwa kuno m'miyezi ya njala chimaoloka malire omwewo. Asodzi athunso amapita kukapha nsomba m'madzi a eni ake. Mnzako akapsa ndevu mzimire, anatero akuluakulu.

Tsono mzere weniweni sudutsa pakati pa Mmalaŵi ndi Mmozambiki. Umadutsa pakati pa amene wadzimanga ku lamulo la nyanja ndi amene akufuna kukolola osamangika. Wa kutsidya amene wadzionetsa kwa mfumu ndi ku komiti, walembetsa zida zake, napachika ukonde pa nyengo yotseka, ndi mnansi wa nyanja kuposa mbadwa yokoka neti ya udzudzu usiku.

Mau Otsiriza

Wansembe si mlonda wa nyanja, ndipo sayenera kudzisandutsa wapolisi. Koma pali zinthu zimene zili m'manja mwake. Mamembala a makomiti a pa dooko, mafumu ndi eni makoka ambiri ndi akhristu a m'miphakati yathu. Ayenera kumva kuchokera kwa ife kuti kulandira nsomba kapena ndalama kuti utseke maso ndi tchimo lolakwira chilungamo, lofuna kubweza. Asodzi okwiya ayenera kumva kuti kulanda khoka loletsedwa motsata lamulo nkololedwa, koma kumenya munthu, kumiza bwato muli anthu, kapena kulanga wina chifukwa cha dziko lake nkosaloledwa konse. Nyengo yotseka nyanja imagwa m'miyezi ya njala. Parishi imene ikulimbikitsa anthu kuisunga iyeneranso kuganiza za chimene mabanjawo adye, kudzera m'magulu osunga ndalama, ulimi wa m'madimba ndi maiŵe oŵetera nsomba. Ndiponso Eklezia ali ndi mwai umene maboma alibe: ali mbali zonse ziŵiri za malire, ndipo akhristu ake amamvana chilankhulo. Kumene akuluakulu a maboma amakumana kamodzikamodzi, ansembe ndi akatekisiti a maparishi oyandikana angathe kukhazika pamodzi asodzi a mbali zonse kuti agwirizane za nyengo imodzi yotseka ndi muyeso umodzi wa maso a ukonde.

Chilwa adzaphwanso, monga anachitira kale, ndipo nsomba zoŵerengeka zidzabisalanso m'maiŵe a Sombani ndi m'thamanda la Mpoto. Kuti mai wa pa msika wa Chiringa adzapezenso kamulu ka matemba zaka zitatu pambuyo pake, zidzadalira ngati anthu a mbali zonse ziŵiri adzavomere kuzisiya nsombazo m'maiŵemo.